Yang'ana Amayi Ako

9 Juni

Mzime, mlongo wanga,

Moni. Kuno tili bwino, kupatula msana umene ukukumbukirabe mabampu a basi ija. Kaya iweyo, alamu ndi ana? Ndalemba kalata chifukwa pa foni umandidula mawu ndisanafike pa mfundo.

Patha masabata atatu chichitikire ukwati wa Phwiti, koma zithunzi kuno zii. Anzanga amene ndimasoka nawo pakhonde la sitolo akundifunsa tsiku ndi tsiku, mpaka wina wanena kuti mwina ku ukwatiko sindinapite, ndinangokagona kuchipatala. Wojambula ndi mlongo wanga wa bere limodzi, mkwatibwinso ndi mwana wanga wobala ndekha. Ndiziwayankha chiyani?

Komanso kajambulidwe kako kanandizunguza mutu. Ine ndimadziwa kuti pojambulitsa anthu amaima pamzere, aatali kumbuyo, manja m'mbali, maso ku kamera. Iwe ayi. "Yendani pang'onopang'ono, musandiyang'ane." "Mkwati, munong'oneze mkazi wako zimene wadya m'mawa." "Thithikanani mpaka wina adandaule." Diresi langa lija ndinasoka masiku asanu ndi anayi, ndinalisita kawiri, ndiye iwe n'kumati tithithikane? Ndikaongola khosi kuti ndakonzeka, kamera ili pamimba pako. Ndikangoti ndikande pamphuno, ndingomva tcha!

Mng'ono wanga Anesi ndiye zinkamukhala, poti zakutauni amazidziwa. Ankakonza velo, kupukuta mwana thukuta, kuloza anthu pokhala, ngati ife ena tabwera kudzaonerera. Sindikudandaula ayi. Koma musamaiwale kuti Phwiti ndinamupereka kwa iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake atamwalira, ine nditatsala ndi ana asanu ndi makina amodzi. Ndinangomubwereketsa, sindinamugulitse.

Tumiza zithunzi.

Ndine mlongo wako wamkulu.

24 Juni

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndaseka mpaka alamu anu kudzasuzumira kuti kwagwanji. Ife tili bwino. Msanawo muziukhazika pa mpando wotsamira, osati pa kasitulu kanu kaja.

Buku la zithunzi ndi ili, ndapatsira woyendetsa basi ya Lachinayi. Lachedwa chifukwa achemwali Anesi analitenga kaye kuti akaonetse anzawo kuchipatala pamene lawo linali lisanathe. Pepani.

Za mzere zija ndiyankheko. Ntchito iyi ndagwira zaka khumi ndi zinayi. Munthu ukamuuza kuti "mwetulira" amakuonetsa mano, nkhope n'kubisa. Manja amasowa kopita, mapewa amakwera mpaka m'makutu. N'chifukwa chake ndimawapatsa anthu zochita: uyu agwire maluwa, uyu akonze tayi ya mnzake, operekeza mkwatibwi ayende akukangana kuti wavala nsapato yothina ndani. Ndinakuchotsani pabwalo kupita nanu kuseri kwa holo chifukwa dzuwa la masana limatsinzinitsa maso n'kuika mdima pansi pa mphuno. Ndipo chithunzi chenicheni chimabwera pamene anthu akuganiza kuti ndamaliza.

Muone cha patsamba lapakati. Anzanga kuntchito akuti chimenechi ndiye ndajambula, zina zonsezi ndinkangoyeserera. Ndachikulitsa n'kuchipachika pawindo la situdiyo, ndipo anthu akumaima panjira. Maukwati awiri ndapeza kale chifukwa cha chomwecho. Chachikulu china ndakuikirani kumapeto kwa buku kuti mupachike kwanu.

Mundiuze zimene anzanu a pakhonde anene.

Ndine Mzime wanu.

6 Julaye

Mzime,

Moni. Tili moyo. Buku lafika, ndi zala za anthu a kuchipatala pachikuto.

Ndawerenga. Zithunzi zilimo 64. Anesi ali mu 29. Ine ndili mu 7, ndipo mu zitatu mwa izo ndi msana wokha. Koma izo zisiye. Tikambe cha patsamba lapakati, chimene chikukupezera maukwati.

Mwina waiwala mmene unachijambulira, ndikukumbutse. Tinali pamasitepe kuseri kwa holo. Phwiti pakati, ine kumanja kwake, Anesi kumanzere. Iwe unati, "Phwiti, tsinzina. Ndikawerenga mpaka katatu, tsegula maso uyang'ane amayi ako." Ndinaiwala diresi, ndinaiwala khosi, ndinamwetulira kumwetulira kwenikweni kumene umafuna kuja. Unawerenga. Mwana anatembenukira kumanzere.

Tsiku lija ndinadziuza kuti palibe waona. Ndinaseka nawo, n'kunamizira kukonza nsapato. Ndabwera nazo kuno m'mimba, osauza munthu, ndipo zimayamba kuzizira. Lero ndatsegula buku, ndazipeza zili pa pepala lonyezimira. Awiriwo mphumi zagundana, Anesi misozi ili mbwee, dzanja lake paphewa la mwana. Ine ndili pambali, mano onse panja, dzanja m'malere, ngati munthu amene wayankha moni wa wina.

Ndiye chimenecho wachipachika pawindo kuti tauni yonse izidutsa ikuona. Akamaima panjirapo amati chiyani? Amati mayi winayo ndi ndani, wolowerera zithunzi za eni?

Ukanatiimika pamzere, tonse tikanayang'ana kamera, palibe akanayang'ana mnzake, ndipo ine ndikanafa osadziwa kuti zinaoneka chonchi. Anzanga a pakhonde ndawauza kuti buku silinafike.

Ndine mlongo wako.

19 Julaye

Achemwali,

Moni. Ife tilipo, koma ine kalata yanu yandidwalitsa mutu.

Nditawerenga ndinatuluka panja, n'kukaima pamsewu pamene amaima anthu, ndi kuyang'ana chithunzi chija. Achemwali, ndikulumbira, mwezi wathunthu ndakhala ndikuchiona koma inu ndinali ndisanakuoneni. Ndinkaona kuwala pa velo ndi nkhope ziwiri zija. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaona dzanja lanu. Ndachichotsa pawindo.

Mawu aja ndimanena pa ukwati uliwonse, ndipo sanandichititsepo manyazi. Ndinayenera kukumbukira kuti mwana wathu amayi ali nawo awiri. Kulakwa ndi kwanga, si kwa Phwiti. Anali atatsinzina, watopa, nsapato zikumuwawa, ndipo munthu wotero salingalira, khosi limangopita kumene linazolowera. Chonde musamuuze. Akungoyamba banja, asalowe m'nyumba ndi milandu ya akuluakulu.

China chimene sindikumvetsa ndi ichi. Achemwali Anesi nawonso sali bwino. Buku lawo ndinawapatsa, koma patebulo palibe. Alamu anu anakawachezera Lamlungu, anapempha kuona zithunzi, iwo n'kuyankha kuti sizinatuluke. Chonsecho ndinawapatsa ndekha m'manja. Chachikulu chija nachonso sanapachike, chili kuseri kwa kabati, chayang'ana kukhoma. Ndinawafunsa, anangoti, "Ntchito yako ndi yabwino, Mzime," n'kuyamba kukamba za mapaipi a madzi.

Ndinawauza pang'ono kuti inunso simunasangalale. Mwina ndalakwanso pamenepo.

Ndikupempha kuti Phwiti akadzapeza tchuthi ndidzabwere naye kwanuko ndi kamera, tidzajambule inu awiri nokha. Mundiyankhe.

Mzime.

2 Ogasiti

Mzime,

Moni kwa onse. Ine ndili bwino kuposa kale.

Iwe sukumvetsa chifukwa ndiwe mwamuna. Chimene Anesi wabisira buku ndikuchidziwa ine: akuchita nane manyazi. Anzake ovala zoyera aona diresi losokedwa pakhonde, aona zidendene zanga, ndipo iye wapsa mtima kuti ndamudetsera zithunzi za mwana wake. Kuyambira tili ang'ono anali wotero. Ndikamupatsa diresi langa lakale ankakalivala kuseri kwa nyumba kuti anthu asadziwe kuti ndi la mkulu wake.

Za kudzajambulanso usavutike. Ukufuna udzamuuze mwana kuti "tsopano yang'ana amayi ako enawo"? Ayi, zikomo. Chithunzi ndakonza ndekha. Telala sasowa sizasi.

Ndinatenga chachikulu chija n'kuchiyala patebulo lodulira nsalu. Ndinadula Anesi kutsata mphepete mwa velo, mosamala ngati ndikudula kolala. Kenako ndinadzidula ine kumanja kuja n'kudzisamutsira kumanzere, ndi kumata zonse pa katoni. Tsopano mphumi ya mwana wanga yagunda yanga, ndipo dzanja langa lija lapeza pogwira. Chinandivuta ndi dzanja la Anesi limene linatsalira paphewa. Ndalisokera kaduwa ka nsalu yoyera pamwamba, kakuoneka ngati ka pa diresi.

Ndagula feremu, chili pabalaza moyang'anana ndi chitseko. Anzanga a pakhonde abwera kudzaona. Wina analira, akuti, "Koma mwana uyu amakukondani." Ndinawaphikira tiyi.

Usandiweruze. Nawenso umasuntha anthu, uyu apa, uyu apo, mpaka aoneke mmene ukufunira. Ine ndangomaliza ntchito yako.

Ndine mlongo wako.

4 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Ndine mng'ono wanu. Ine Anesi ndikudziwa kuti ndatenga zaka osakulemberani, ndipo cholembera chikundilemera.

Mzime wandiuza kuti zithunzi sizinakusangalatseni. Sanafotokoze zambiri, koma chimene chakupwetekani ndikuchidziwa, poti ndinali pomwepo ndipo dzanja lanu ndinaliona. Ndisakunamizeni, tsiku lija ndinakondwa. Ndinati Mulungu wandilipira pamaso pa anthu.

Chimwemwe chake chinatha Lolemba lina, zithunzi zitatuluka. Ndinapita ndi buku kuntchito, anzanga n'kulizungulira m'chipinda chopumira. Tsamba lililonse limene inu mwaonekera, ngakhale pakona, chala chimagwera pa inu. "Mayi ake ndi awa eti? Taonani mphumi. Taonani mpata wa mano. Ngakhale kaimidwe." Namwino wina watsopano, wosadziwa kanthu, anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga inuyo mkwatibwi ndi ndani wanu?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndamusambitsa, ndamupesa, ndaima pakhomo la sukulu mvula ikundithera pathupi, koma pankhope yake palibe kanga n'kamodzi komwe. Ndayang'ana zithunzi zonse 64 ndi magalasi, kufunafuna ngakhale khutu. Inu munangofika ndi basi dzulo lake n'kuima pambali, ndipo aliyense wadziwa kuti mwana ndi wanu. Ine ndikadzafa, ana ake adzatsegula bukuli n'kufunsa kuti mayi wolira uyu anali ndani. N'chifukwa chake ndalitsekera m'kabati.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndimafuna mudziwe kuti kunonso tulo ndi tochepa.

Chachiwiri: Phwiti ndi mwamuna wake akubwera kwanuko Loweruka pa 12. Akufuna akudzidzimutseni, koma ine ndikudziwa kuti simukonda alendo okupezani musanasese. Mudzachite ngati simukudziwa.

Ndine mng'ono wanu.

14 Ogasiti

Amalume,

Moni kuchokera kuno kumudzi. Muli bwanji ndi azakhali? Ndikulemba nditakhala pa kasitulu ka amayi, iwo apita kukapereka mayunifolomu kusukulu. Mwamuna wanga wabwerera dzulo. Ine ndatsala.

Tinafika Loweruka masana osawauza. Amayi atationa pakhomo anakuwa ndi chimwemwe, kenako nkhope inasintha, n'kuthamangira m'nyumba patsogolo pathu. Tinawapeza ataima chotsamira khoma, akutilozera mipando yoyang'ana kuchitseko. Mwamuna wanga, poti ndi waulemu, anati, "Amayi, khalani pansi ndinu." Anakana kawiri. Kachitatu anakhala.

Amalume, inu mukudziwa chimene chinali pakhomapo, amayi andiuza kuti anakulemberani. Poyamba ndinangoona kuti velo langa lafupika. Nditayandikira ndinaona kaduwa kosokerera. Ndinakatukula ndi chikhadabo.

"Amayi, dzanja ili ndi la ndani?"

"Ndi langa."

"Inu mumavala wotchi?"

Mwamuna wanga anatuluka kukaona matayala a galimoto amene analibe vuto lililonse.

Ndinati, "Mwadula amayi anga." Iwo anati, "Amayi ako ndine." Pamenepo ndinanena zimene ndasunga kuyambira ndili mwana. Ndinati, "Ndiye munandiperekeranji? Tinalipo asanu. Munayang'ana onse n'kuona kuti wosafunika ndine?"

Ndimayembekeza kuti akalipa. Anangoyamba kupinda m'mphepete mwa nsalu ya patebulo. Kenako anati, "Chifuwa." Akuti chaka chimene bambo anamwalira ndinabanika katatu, ndipo kachitatu anandibereka kumsana mtunda wonse wa kuchipatala akumva kupuma kwanga kukuchepa. Akuti, "Anesi amagona pafupi ndi mankhwala. Enawo anali olimba. Ndikanakusunga iwe, ndikanakukwirira."

Bwanji palibe anandiuzapo zimenezi? Inunso mumadziwa. Ndakula ndikuganiza kuti ndinali wotsala pogawana.

Za pamasitepe paja, musaganize kuti sindinadziwe. Nditangogunditsa mphumi ndinakumbukira kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Ndinachita mantha kutembenuka. Tsamba limenelo m'buku langa ndimalidumpha.

Chithunzi amayi achitsitsa okha. Sindinawakhululukire za sizasi, iwonso sanapepese. Koma ndapempha tchuthi cha sabata. Akundiphunzitsa kupalasa makina, ndipo akuti ndili ndi mwendo wa bambo, wosamva kuimba kwa lamba.

Kamera musabwere nayo. Musatsukenso china. Amayi a kutauni ndikawauza ndekha.

Ndine mphwanu, Phwiti.

22 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Moni. Uli bwanji? Miyendo ija imatupabe ukaima tsiku lonse?

Kalata yako ya pa 4 ndailandira pa 18. Inagona m'kabati ya mwini sitolo pansi pa malisiti. Ikanafika nthawi yake ndikanatsitsa chinthu china pakhoma, mwana sakanachiona, ndipo ine ndi iwe tikanapitiriza kupatsana moni wa pamaliro mpaka wina atatsogola. Kaya kuchedwa kwake kunali tsoka kaya mwayi, sindikudziwa.

Phwiti wakuuza kale, koma umve kwa ine. Ndinakudula pachithunzi ndi sizasi yanga yaikulu. Ndinkaganiza kuti wabisa buku chifukwa ukuchita nane manyazi. Chidutswa chako sindinataye, chili m'kabokosi ka ulusi. Ndikafuna ulusi wakuda ndimakupeza ukulira.

Kalata yako ndawerenga katatu. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Iwe nsanje yako ndi ya mphumi! Tenga mphumiyo lero lomwe, ndi mpata wa mano womwe, undipatse zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Usaganize kuti yanga yatha. Sabata yonse mwana anali m'nyumba mwanga, ndipo chilichonse chimene amachita chinali chako. Amapinda matawulo katatu. Tiyi samwa wa shuga, ine ndinamuthirira masupuni awiri, anamwa mwaulemu ngati mlendo. Pabondo lamanzere ali ndi chipsera chachitali ngati chala, ndipo ine mayi wake sindikudziwa kuti anachitenga kuti. Ndinachita manyazi kufunsa.

Ndiye ndikupempha chinthu, ine amene sindinakupemphepo kanthu chiyambire. Ndilembere zaka zimenezo. Usasankhe zokoma zokha. Dzino loyamba linaguluka liti, anayamba wakutukwanapo, mnyamata woyamba anali wotani. Tsamba limodzi pa sabata likwana.

Uyambire poyambirira. Nthawi ija unandilembera kuti mwana wazolowera patangotha masiku atatu, akudya bwino, akusewera ndi ana a oyandikana nawo. Kalata imeneyo ndinawerengera kuseri kwa sitolo kuti anzanga asandione. Ndinati mwana wondiiwala masiku atatu ndimuvutitsirenji, n'chifukwa chake chaka choyamba chija sindinabwere. Kodi zinali zoona?

Ndine mkulu wako.

30 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Miyendo imatupabe. Kalata yanu yafika msanga ulendo uno.

Sizinali zoona.

Analira miyezi inayi. Madzulo aliwonse ankalongedza zovala m'kachikwama kamene munamusokera, n'kukakhala pageti mpaka dzuwa kulowa. Basi ikadutsa ankaimirira. Chakudya ndinkachita kumunyengerera ndi supuni. Sankanditchula dzina lililonse, akafuna kanthu ankangoti "inu".

Chipsera chija ndi cha njinga, chaka chachiwiri. Anagwera pa waya wa mpanda, ndipo ndikumusoka ndekha kuchipatala anakuwa kuti "Amayi!" Mpaka lero sindikudziwa ngati ankaitana ine kapena inu. Ndinayankha ndine, poti ndi amene ndinali pafupi.

Ndinakunamizani chifukwa ndinkadziwa kuti mukamva zoona mukwera basi yoyamba kudzamutenga. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza chifuwa chake. Chifuwa chinalipo, inde. Koma ndinali nditagulanso kabedi, ndipo sindikanatha kukaonanso kopanda munthu.

Tsamba la sabata ino ndi limeneli. Lina ndilemba Lamlungu likubwerali, la sukulu. Mukapanda kuyankha ndimvetsa, koma ndizilembabe.

Ndine mng'ono wanu.